Posankha yunivesite, dzina lisakhale funso loyamba

Chaka chilichonse bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite la NCHE likangotulutsa mayina a ophunzira amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, mkangano womwewo umabuka pa wailesi, pa Facebook ndi m'makomo. Kwina nthungululu chifukwa mwana wapita ku Zomba, kwina nkhope zagwa chifukwa wawo amutumiza ku Mzuzu kapena ku Bunda pamene mtima wonse unali pa Poly (Polytechnic ya ku Blantyre). Makolo ena amafika pouza mwana kuti asapite, abwerezenso Fomu 4, mapointi atsike, chaka chamawa adzalowe kumene kuli dzina. Ine ndikutsutsana nawo maganizo amenewa. Dzina la yunivesite lili ndi ntchito yake, koma siliyenera kutsogolera chisankho. Choyenera kutsogolera ndi moyo umene mwanayo adzakhale pa zaka zinayi kapena zisanu zija: kumene adzagone, chimene adzadye, zimene adzagwire ndi manja ake, anthu amene adzakumane nawo, komanso ngati banja lingathe kumufikitsa kumapeto. Mwana amene wamaliza bwino pa sukulu yosatchuka ali patsogolo kwambiri pa mnzake amene analowa pa geti lotchuka n'kutulukira pakati.

Tiyambe ndi kumene dzinali linachokera, chifukwa anthu ambiri amalilemekeza osadziwa chimene akulemekeza. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu inali yunivesite yokhayo ya boma m'dziko muno, mpaka Mzuzu University inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Izi zikutanthauza kuti pafupifupi aliyense wa m'badwo wa makolo athu amene anatenga digiri kuno kumudzi anadutsa ku Chancellor College (Chanco) ku Zomba, ku Polytechnic ku Chichiri, ku Bunda, ku Kamuzu College of Nursing kapena ku College of Medicine. Majaji, alembi aakulu a maunduna, mahedimasitala, onse anali a nyumba imodzi. N'zosadabwitsa kuti mawu akuti yunivesite m'makutu a ambiri amamveka ngati Zomba basi. Koma zinthu zinasintha. Bunda inachoka n'kukhala maziko a yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, yunivesite ya sayansi ya MUST inatsegula zitseko ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka yunivesite yoima payokha ya MUBAS pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Zikwangwani zinasintha, koma aphunzitsi, malabu ndi mabuku anakhala momwemo. Mainjiniya ophunzira ku Chichiri sanachepe nzeru chifukwa satifiketi yawo yasiya kulembedwa University of Malawi. Apa mpamene tikuonera kuti chimene chimaphunzitsa munthu ndi dipatimenti imene alimo.

Pachifukwa chimenechi, funso lakuti yunivesite yabwino ndi iti lilibe yankho mpaka titadziwa chimene mwanayo akufuna kuphunzira. Wofuna za nkhalango ali pabwino ku Mzuzu, kumene nkhalango ya Chikangawa ili pafupi, ndipo wa za nsomba sayenda mtunda wautali kuti afike kunyanja ku Nkhata Bay. Wa zaulimi ku Bunda amadzuka n'kupeza munda, khola la ng'ombe ndi maiwe a nsomba pasukulu pomwepo. Wa udokotala ku Blantyre amaphunzirira m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth, kumene amaona matenda amitundu yonse. Wa uinjiniya kapena zowerengera ndalama ku MUBAS ali pakati pa mafakitale a ku Makata ndi maofesi a makampani, kotero kuti kufunafuna atachimenti n'koyenda ndi minibasi imodzi. Zomba nayo ili ndi zake zimene ena alibe: nyumba yosungira zolemba zakale ya National Archives, ofesi ya National Statistical Office, likulu la Geological Survey. Wophunzira mbiri yakale kapena za chiwerengero cha anthu sangapeze malo oposa amenewo. Tsono taganizirani mwana amene mtima wake uli pa ziweto, koma bambo ake amuumiriza kulemba pulogalamu ina iliyonse ya ku Zomba kuti anzawo kutchalitchi amve kuti mwana ali ku Chanco. Zaka zinayi adzakhala akuwerengera mayeso okha, osafunsa funso m'kalasi, osafuna kudziwa zoposa zimene zili m'manotsi. Digiri adzatenga, koma ndi magiredi apakatikati ndi mtima umene uli kwina.

Amene akutsutsa mfundoyi ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zachibwana. Choyamba amati olemba ntchito amayang'ana dzina. Pa mulu wa makalata mazanamazana, bwana amene anaphunzira ku Poly maso ake amakodwa akaona wa ku Poly mnzake. Izi zimachitika, sindikana. Komabe tiyeni tione kumene dzinalo limathera mphamvu. Zotsatsa ntchito za boma ndi za mabungwe ambiri zimafuna digiri ya phunziro lakutilakuti yochokera ku sukulu yovomerezeka, ndipo nthawi zambiri zimawonjezera zaka zimene munthu wagwirapo ntchito. Sizitchula yunivesite. Dzina lingathandize kuti kalata isatayidwe msanga, koma mukalowa m'chipinda cha intaviyu mafunso amakhala ena. Wa zamakompyuta amamupatsa laputopu kuti aonetse chimene anapangapo. Wa zowerengera ndalama amamufunsa ngati anayanjanitsapo buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo zikasiyana amayambira pati kufufuza. Mphunzitsi amamupatsa choko n'kumuuza kuti aphunzitse kwa mphindi khumi. Wa zaulimi amamufunsa chimene angauze mlimi amene chimanga chake chagwidwa ndi ntchemberezandonda. Amene anathera tchuthi chake pa atachimenti yeniyeni amayankha mosavuta, akutchula zimene zinamuvuta ndi mmene anazithetsera. Amene anangodalira dzina amayamba kulakatula manotsi, ndipo a pa tebulo aja amazindikira asanamalize chiganizo chachiwiri.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yakuti sukulu yotchuka imakupatsa anzako amene mawa adzakhale m'mipando, ndipo m'dziko limene ntchito zambiri zimamveka kudzera mwa odziwana nawo, zimenezi n'chuma. Ndi zoona. Koma ubale umenewu subwera ndi kalata yokuitana kusukulu. Umamangidwa m'magulu owerengera limodzi, m'kwaya, m'timu ya mpira, m'bungwe la ophunzira, mu ntchito yofufuza imene mphunzitsi watenga ophunzira awiri atatu kuti amuthandize. Mwana amene amathera masana onse akusakasaka ya ndiwo alibe nthawi ya zonsezi ngakhale atakhala pa sukulu ya mbiri yotani. Komanso ubale umene umathandiza pa ntchito ndi wa m'gawo lako. Pa zaulimi, kaya kumalo ofufuzira a ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, m'maofesi a zaulimi a m'maboma kapena m'makampani a mbewu, amene mumawapeza ambiri ndi a ku Bunda. Kumeneko dzina lolemera ndi Bunda.

Ena amati nanga akadzafuna kukachita masitala kunja, dzina silidzafunika? Apa yankho n'lalifupi. Amene amasankha ophunzira ku London kapena ku Edinburgh sadziwa kusiyana kwa Zomba ndi Luwinga (kumene kuli Mzuzu University) monga ife timakukokomezera. Amayang'ana ngati yunivesite ndi yovomerezeka, magiredi a munthuyo, makalata a aphunzitsi amene amamudziwa bwino, ndi zimene wachita. Thandizo la Chevening la boma la Britain limafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo amamulembetsa za utsogoleri wake ndi mmene amagwirira ntchito ndi anthu. Kalata yabwino imalembedwa ndi mphunzitsi amene anakuona ukugwira ntchito, ndipo mwayi woti akuone ndi waukulu m'kalasi ya anthu ochepa kusiyana ndi m'holo yodzaza mpaka pakhomo.

Mfundo yamphamvu kuposa zonse, imene ndikufuna kukhalapo nthawi, ndi iyi: zonena za moyo wa pasukulu ndi za ana a anthu olemera, mwana wa mlimi alibe mpata wosankha zokoma, iye akufunika dzina limene lidzamutsegulire chitseko chifukwa alibe amalume ku Capital Hill. Mfundoyi imagwira mtima, koma yatembenuza zinthu. Mwana wa wolemera ndiye angathe kutsata dzina mopanda mantha, chifukwa lendi ikakwera bambo atumiza ndalama pa foni madzulo omwewo. Kwa mwana wa mlimi, moyo wa tsiku ndi tsiku ndi umene umagamula ngati adzamalize. Malo ogona a pasukulu sakwanira m'mayunivesite athu, kotero ambiri amachita lendi kunja: ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, m'madera ozungulira Chichiri ku Blantyre. Lowani m'chipinda chimodzi cha ku Chikanda muone. Matiresi awiri pansi, anthu atatu kapena anayi, chingwe cha zovala chodutsa pakati, mbaula pakhomo, thumba la ufa pakona limene aliyense amaliyang'ana ndi diso lowerengera masiku. Mayunitsi a magetsi akatha pakati pa usiku mawa kuli mayeso, amawerengera tochi ya foni mpaka batire litatha. M'chipinda chimenechi ndi mmene digiri imapezekera kapena kutayikira.

Njira imene mwana wanzeru amagwera imadziwika, ndipo siyamba ndi ulesi. Ndalama ikachepa, choyamba kudulidwa ndi chakudya cham'mawa, kenako chamasana. Kenako amayamba kujomba makalasi am'mawa chifukwa wagona mochedwa pa ganyu, kapena alibe ya kabaza ndipo mvula ikugwa. Akajomba amaphonya timayeso tapakati ndi ntchito zolemba, zimene zimawerengeredwa pa malikisi a kumapeto kwa semesita. Akalowa mayeso akulu malikisi a m'chaka ali ochepa, amagwa phunziro limodzi kapena awiri n'kuitanidwa ku sapu, mayeso olembanso phunziro limene wagwa. Sapu imafuna thiransipoti yobwerera kusukulu pa tchuthi ndi kogona. Akalephera pamenepo ndiye kubwereza, kumene ndi fizi ina ndi lendi ina, kapena kuchotsedwa kumene. Ngongole ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board imathandiza ambiri, koma si onse opempha amene amalandira, siikwanira zonse, ndipo ndi ngongole yoti idzabwezedwe, kaya munthu anamaliza kaya sanamalize. Tikumbukenso kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu 2022 ndi 44 peresenti mu 2023. Banja limene linawerengera ndalama mwana akulowa chaka choyamba linapeza kuti pofika chaka chachitatu masamu aja sakugwiranso.

Choncho kholo lisanakondwere ndi dzina, likhale pansi ndi pepala. Lilembe zofunika pa mwezi: lendi, magetsi, madzi, makala, ufa, ndiwo, sopo, bandulo ya intaneti, kusindikiza ntchito zolemba, ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku ngati nyumba ili kutali. Liwonkhetse ndi miyezi ya masemesita awiri, liwonjezere fizi ndi maulendo anayi a basi pa chaka, kenako lichulukitse ndi zaka za pulogalamuyo, pokumbukira kuti uinjiniya ndi zaka zisanu ndipo udokotala umapitirira apo. Pamwamba pake liike kena kodzitetezera ku kukwera kwa mitengo, komanso laputopu, imene masiku ano siinganyalanyazidwe. Mitengo imeneyi musaifunse ku ofesi ya yunivesite. Funsani wophunzira amene ali kumeneko panopa. Mukachita masamu amenewa pa sukulu ziwiri, nthawi zina mumapeza kuti ina imene mumaiderera ili pa mtunda woti thumba la chimanga lochokera kumudzi lingafike pa basi tsiku lomwelo, ndipo zimenezo zokha zingapulumutse digiri. Kukhala kwa achibale kumachepetsanso ndalama, ngakhale kuli ndi mtengo wake wobisika: mwana amasanduka wolera ana ndi wophika, ndipo laibulale imatsekedwa iye ali pa mzere wa minibasi. Zimenezi zikambidwe poyera mwana asanasamuke.

Ndisamveke ngati ndikunena kuti aliyense aphunzire pafupi ndi kwawo. Ngati thumba likulola, ndingalimbikitse mwana kupita kutali, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene ndimadandaulira makolo a kumwera ndi pakati amene amalira mwana akasankhidwira ku Mzuzu. Mnyamata wa ku Mulanje amene wakhala zaka zinayi ku Luwinga amabwerako akumva Chitumbuka, akudziwa kupereka moni kwa akulu a kumeneko, ali ndi anzake a ku Rumphi ndi ku Karonga amene anagawana nawo mbale. Mtsikana wa ku Chitipa amene waphunzira ku Thyolo amadziwa moyo wa m'minda ya tiyi ndi kuchepa kwa malo olima kumene kwawo sakudziwa. Namwino, mphunzitsi ndi mlangizi wa zaulimi amatumizidwa kulikonse m'dziko muno, ndipo amene anazolowera kukhala mlendo sathawa pa ntchito mwezi woyamba. Dziko limene zisankho zake zimagawikabe motsata zigawo likufunika achinyamata ambiri amene anakhalapo kwa anzawo.

Pali malo amodzi pamene otsata dzina akunena zoona ndipo ndikugwirizana nawo kwathunthu. Sukulu zina zimatsatsa mokopa pa wailesi koma mapepala ake sazindikirika. Mwana angakhale mosangalala kumeneko zaka zinayi, n'kudzamva pofunsira ntchito kuti digiri yake siwerengedwa. Koma mankhwala a vutoli ndi kufufuza chivomerezo. Kuti sukulu yalembetsedwa ndi NCHE ndi nkhani ina, kuti pulogalamu yakutiyakuti yavomerezedwa ndi nkhani inanso, ndipo sukulu imodzi ingakhale ndi mapulogalamu ena ovomerezeka ena ayi. Funani mndandanda wa NCHE, mupeze dzina la pulogalamuyo ndi nthambi imene mwana akaphunzireko, musakhutire ndi mawu a wolandira alendo akuti zili m'njira. Pa ntchito zimene zili ndi mabungwe oziyang'anira, funsaninso kumeneko: Nurses and Midwives Council of Malawi pa unamwino ndi uzamba, Medical Council of Malawi pa zachipatala. Pulogalamu ikapambana mayeso amenewa, kaya ili ku yunivesite ya boma, kaya ku Catholic University ku Nguludi, ku University of Livingstonia, ku Nkhoma kapena ku Malawi Adventist University, yalowa m'gulu loyenera kuliganizira, ndipo kuyambira pamenepo muyerekeze zinthu zooneka ndi maso. Chimodzi mwa izo ndi kalendala. Kutchuka sikuteteza sukulu ku kutsekedwa. Mu 2011 maphunziro ku Chancellor College anaima miyezi yambiri pa nkhondo yomenyera ufulu wa aphunzitsi, nkhondo imene inali yoyenera, koma amene anataya nthawi ndi ophunzira. Mwezi uliwonse umene sukulu yaima, lendi imalipidwabe.

Tsono tibwere pa fomu yeniyeniyo yofunsira malo, chifukwa kwa ambiri kusankha kumachitikira pamenepo. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa poyerekeza ndi amene amakhoza MSCE, ndipo kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi kumangokulowetsa mu mpikisano. Cholakwika chofala ndi kudzaza mipata yonse ndi mapulogalamu amene dziko lonse likulimbirana, monga udokotala, zamankhwala ndi uinjiniya, pa sukulu ziwiri zotchuka zokha. Mwana wa mapointi abwino ndithu amatsala kunja, pamene mnzake wa mapointi ocheperako mphamvu walowa chifukwa anasakaniza zosankha zake mwanzeru. Cholakwika china ndi kuyang'ana mapointi onse pamodzi n'kuiwala kuti pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake ofunika: wofuna uinjiniya amene masamu ndi fizikisi zinamuvuta sathandizidwa ndi wani wa Bible Knowledge. Ndipo musalembe pulogalamu imene mwana sangapite ataitanidwa, chifukwa akhoza kupatsidwa yomweyo.

Za kubwereza Fomu 4 pofuna dzina, ndinena mosapita m'mbali kuti nthawi zambiri n'kulakwitsa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwana wasiya malo otsimikizika, walipira fizi ya chaka china ku sekondale, walowa mpikisano ndi gulu latsopano, ndipo palibe amene angalonjeze kuti mapointi adzatsika. Ngakhale atatsika, wataya chaka chimene mnzake wachigwiritsa ntchito. Kubwereza kumamveka pokhapokha ngati ntchito imene mwanayo akuifuna ndi mtima wake wonse ili ndi khomo limodzi lokha, ndipo iye mwini, osati makolo, ndi amene akupempha. Ngakhale pamenepo, afufuze kaye njira zina: alipo amene anayamba ndi dipuloma ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Natural Resources College, nagwira ntchito, nadzakwera mpaka digiri ali ndi luso kale m'manja.

Munthu woyenera kumufunsa musanagamule ndi wophunzira wa chaka chachitatu mu pulogalamu yomweyo, chifukwa wa chaka choyamba akadali wosangalala ndipo amene anamaliza kalekale amakumbukira sukulu imene inasintha. Mufunseni kuti m'kalasi mwawo alimo angati, ndipo analowa angati. Mufunseni ngati mu labu aliyense amagwira chipangizo kapena amangoonerera mphunzitsi ali kutsogolo. Mufunseni ngati atachimenti imapezedwa ndi sukulu kapena aliyense amadzionera yekha, ndiponso ngati aphunzitsi amabwera kudzawayendera kumeneko. Mufunseni kuti zotsatira za mayeso zimatuluka pakapita nthawi yaitali bwanji, gulu limene linamaliza posachedwa linatenga zaka zingati, ndipo kwa mwana wamkazi, ngati njira yochokera ku laibulale kupita kumene amagona ndi yoyendeka usiku. Ngati n'kotheka, mwanayo akwere basi akaone yekha malowo sukulu ili m'kati, alowe mu hositelo, adye kumene ophunzira amadya, aone ndi chimbudzi chomwe. Ndalama ya ulendo umenewu ndi yochepa poyerekeza ndi fizi ya semesita imodzi imene ingatayike akakazindikira mochedwa kuti sangakhaleko.